Nimu kapena msikidzi? Momwe mungasankhire ndi kudzala mtengo wa mthunzi kuno ku Salima

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Salima, kuti udziwe pamene pali mtengo umangoona pamene paunjikana anthu. Pa Kamuzu Road anyamata a kabaza amapanikizana pansi pa mtengo umodzi njinga zitatsamirana, amayi ogulitsa usipa nawo amangosuntha malichero kulondola mthunzi mpaka dzuwa lipendeke. M'nyumba ya malata masana simukhalika. Nsima timadyera panja pamphasa, ndipo amene pakhomo pake pali mbee amakacheza kwa anansi ngakhale alibe nkhani.

Anthu akafuna kudzala mtengo wa mthunzi, ambiri amathamangira nimu chifukwa ndi amene akumuona paliponse, kusukulu, kutchalitchi, kumzikiti ndi m'mbali mwa msewu. Nimu ndi mtengo wabwino, ineyo ndili naye pakhomo. Koma pali mtengo wina wakwathu konkuno umene tikuuiwala, msikidzi, umene mthunzi wake umaposa wa nimu ukaupatsa malo oyenera. Ndadzalapo yonse iwiri, ndipo zimene ndaona n'zakuti funso la "wabwino ndi uti" limayankhidwa ndi nthaka ndi madzi a pamalo panu. Tiyeni tiyambire pamenepo, kenako tifike ku njere, ku nazale ndi kudzenje.

Idziweni kaye mitengoyi

Nimu ndi mlendo. Kwawo ndi ku India ndi mayiko oyandikana nawo monga Myanmar, ndipo akatswiri a zomera amamutcha Azadirachta indica. Anazolowera madera otentha, a mvula yochepa, n'chifukwa chake amakondwa m'mbali mwa nyanja muno ndi ku Chigwa cha Shire kuposa kumapiri kozizira ngati ku Dedza. Amatalika mamita 15 mpaka 20. Masamba ake ndi ang'onoang'ono, osongoka, a m'mbali ngati mano a sowo, owawa zedi. Maluwa ndi oyera onunkhira, zipatso zikapsa zimakhala zachikasu, ndipo m'kati mumakhala njere imodzi.

Samalani kuti musamusokoneze ndi ndya, mtengo umene anthu ena amautchanso nimu molakwitsa. Ndya maluwa ake ndi ofiirira motuwa, tsamba lake limagawikanagawikana kawiri, zipatso zake ndi zapoizoni kwa ana ndi ziweto, ndipo amayoyola masamba nyengo yopanda mvula. Mbande zake zikakhala zazing'ono zimafanana, ndiye pogula yang'anitsitsani tsamba.

Msikidzi, dzina la akatswiri Trichilia emetica, ndi wachilengedwe m'dziko muno ndi m'mayiko otizungulira. Kutchire umapezeka kwambiri m'mbali mwa mitsinje ndi m'zigwa momwe madzi a pansi sali patali. Masamba ake ndi akuluakulu, obiriwira moderako, onyezimira pamwamba, ndipo nthambi zimayala mozungulira ngati ambulera. Chipatso chake chikapsa chimang'ambika patatu n'kuonetsa njere zakuda zokutidwa ndi kachikopa kofiira, zooneka ngati maso. Mukaziona kamodzi simudzaziiwala.

Mitengo iwiriyi ndi ya banja limodzi, pamodzi ndi mbawa. Ubale umenewu uli ndi ntchito yake pa nkhani ya njere, tifikapo.

Kusiyana kwa mthunzi ndi kumene ndikufuna mukumvetse. Wa nimu ndi wopepuka, mphepo imadutsa, kadzuwa kamadontha apa ndi apo. Chilimwe chikavuta kwambiri pamchenga, nimu amathothola masamba ena kuti apulumuke, mthunzi n'kuchepa. Wa msikidzi ndi wothithikana. Mukalowa pansi pake masana a Novembala mumamva kuzizira ngati mwalowa m'nyumba ya udzu. Ine ndikafunsidwa mtengo woyalapo mphasa, kuweruzirapo milandu kapena kuphunzitsirapo ana, ndimanena msikidzi osaganiza kawiri.

Choyamba: malo anu asankhe mtengo

Nthaka ya Salima si imodzi. Cha ku Senga Bay ndi m'mphepete mwa nyanja ndi mchenga, madzi amangolowa. Kumadera a mpunga monga ku Lifuwu kuli makande, dothi lakuda lomata limene limasunga madzi m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe. Chakumtunda, polowera ku Thuma, kuli malo a miyala ndi katondo.

Musanasankhe, kumbani dzenje lofika m'bondo pamene mukufuna kudzalapo, mudzaze madzi madzulo. Mukapeza m'mawa madzi alowa onse, malowo ndi abwino kwa mitengo yonse iwiri. Mukapeza adakali chiimire, nimu musamuike pamenepo. Chilala amapirira, mchenga ndi miyala amapirira, koma mizu yake ikakhala m'madzi masabata angapo masamba amachita chikasu, mtengo n'kuuma. Msikidzi nawo sufuna chithaphwi chenicheni, komabe chinyontho chochuluka umachilandira bwino kuposa nimu.

Funso lachiwiri ndi la madzi a m'chilimwe. Kodi mjigo kapena chitsime chili pafupi moti mungathe kuthirira kamtengo zaka ziwiri zoyambirira? Ngati madzi mumakatunga kutali, kapena malowo ndi poloti imene simukhalapo, dzalani nimu. Akangodutsa chaka choyamba amadzisamala yekha. Msikidzi pamchenga wouma popanda wouthirira umangopinimbira, chaka ndi chaka msinkhu womwewo, mwinanso kufa m'Okutobala woyamba. Koma pamene pali chinyontho umathamanga, mita imodzi kapena kupitirira pa chaka. Malo amene ndaona kuti umawakonda ndi kumene kumathera madzi a kubafa, kapena kumapeto kwa ngalande ya pamjigo, patali ndi simenti.

Chachitatu ndi mtunda kuchokera kunyumba, ndipo apa m'pamene ambiri timalakwitsa chifukwa mbande imaoneka yaing'ono. Nimu ali ndi mizu yoyanza patali pofunafuna madzi. Imatukula khonde la simenti, imang'amba maziko, imalowa m'dzenje la chimbudzi. Mutalikitseni mamita 10 kuchokera kukhoma. Mizu ya msikidzi sivuta chotero, koma nthambi zake zimatambalala, ndiye upatseni mamita 7 kapena 8. Yang'ananinso kumwamba ngati kukudutsa mawaya a magetsi. Mbali yabwino ndi ya kumadzulo kwa nyumba, chifukwa dzuwa limene limawotcha khoma mpaka usiku osagoneka ndi la masana kupita kumadzulo.

Wina angafunse za kumunda. Mitengo iwiriyi musaiike pakati pa chimanga, mthunzi wake umapha mbewu. Wa m'munda ndi msangu, umene umayoyola masamba m'dzinja n'kuphukira m'chilimwe, ndipo kuno tili nayo yambiri.

Chachiwiri: njere, pamene ambiri amagwera

Chaka choyamba ndinatola njere za msikidzi zodzaza chigubu, n'kuzisunga bwinobwino pamwamba pa kabati kudikira mwezi wa Seputembala, umene timafesa mitengo ina ku nazale. Ndinafesa machubu 40. Sipanamere ngakhale imodzi. Ndinkaganiza kuti vuto ndi dothi, pamene vuto linali kusungako.

Ubale uja ukuonekera apa: njere za nimu ndi za msikidzi zili ndi mafuta ambiri ndipo sizichedwa kufa. Sizili ngati za kesha kapena za msangu zimene mungasunge chaka n'kumerabe. Zikangotha masabata ochepa chichokereni mumtengo, mphamvu yomera imatsika kwambiri, makamaka m'kutentha kwathu kuno. Lamulo lake ndi limodzi: mwatola lero, fesani sabata yomweyo. Munthu akakugulitsani njere za mitengoyi zouma m'pepala osadziwa kuti zinatoledwa liti, ndalama yanu yapita.

Za nimu chitani motere. Sankhani mtengo wa thunthu lowongoka ndi nthambi zoyala bwino. Tolani zipatso zachikasu, zothyola mumtengo kapena zongogwa kumene. M'mawa pansi pa mtengo mumapezanso njere zoyera zimene mileme ndi mbalame zadya nyama yake usiku n'kutaya, zimenezo n'zabwino kwambiri. Zipatsozo zifikiseni m'madzi ndi manja kuti nyama ichoke, mutsuke, muyanike pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri. Padzuwa ayi.

Za msikidzi zimapsa m'nyengo ya mvula. Dikirani zipatso ziyambe kung'ambika zokha mumtengo. Zimene sizinatseguke ziikeni pamthunzi, zitseguka pakapita masiku ochepa. Kachikopa kofiira kaja kamachedwetsa kumera ndiponso kamaitana nyerere ndi nkhungu, ndiye vikani njerezo m'madzi usiku umodzi, m'mawa muzifikise mpaka kachikopako kachoke konse, n'kufesa tsiku lomwelo. Ana asaseweretse njerezi m'kamwa, khungu lake lili ndi poizoni.

Poti msikidzi umabereka m'dzinja, mbande zake sizifika msinkhu wowokera mvula isanathe. Muli ndi njira ziwiri: kuzisunga m'machubu aakulu mpaka Disembala wotsatira, kapena kuwokera zikakula n'kumazithirira chilimwe chonse. Ine ndimakonda yoyambayo, chifukwa mbande khumi zili pamodzi pamthunzi zimamwa ndowa imodzi, pamene zikabalalika pabwalo iliyonse imafuna ndowa yake.

Ngati njere zakudutsani, pali njira yachidule. Pansi pa nimu wamkulu aliyense m'dzinja mumamera timbande tambirimbiri tokha. Pemphani kwa mwini mtengo, muzule ta masamba anayi kapena asanu ndi limodzi pamodzi ndi dothi lake, nthaka ili yonyowa, n'kuika m'machubu. Tosapitirira chikhatho kutalika ndi timene timagwira msanga.

Chachitatu: nazale ya pakhomo

Simufunika malo aakulu. Pansi pa mango kapena kakhumbi ka udzu kotchinga dzuwa la masana n'kokwana, bola nkhuku ndi mbuzi zisafikepo. Machubu akuda amagulitsidwa m'masitolo a zaulimi, koma mapepala a shuga kapena mabotolo odula pamwamba amagwiranso ntchito mukaboola pansi. A msikidzi akhale aakulu, chifukwa ukhalamo nthawi yaitali.

Dothi lake sakanizani magawo atatu a dothi lapamwamba lachonde, gawo limodzi la manyowa owolerana bwino ndi gawo limodzi la mchenga. Amene muli kunyanja, dothi lanu ndi mchenga kale, ndiye musawonjezere wina, onjezerani manyowa. Ndowe zaziwisi zimawotcha mizu.

Ikani njere ziwiri pachubu, kuya kwake sentimita imodzi kapena ziwiri basi, mukwirire pang'ono. Thirirani m'mawa ndi madzulo, koma dothi lingokhala lonyowa, lisachite matope. Mitundu yonse iwiri imamera pakati pa sabata imodzi ndi masabata atatu ngati njere zinali zatsopano. Zikamera zonse ziwiri, siyani yamphamvu, inayo muisamutsire m'chubu china.

Masabata awiri alionse nyamulani chubu chilichonse n'kudula mizu imene yatulukira pansi. Mukaiwala, mzu waukulu umalowa m'nthaka, ndipo tsiku lowokera mudzauthyola, mbande n'kufota. Kukatsala mwezi kuti muwokere, chepetsani madzi ndi mthunzi pang'onopang'ono kuti izolowere dzuwa la kunja. Nimu amakhala wokonzeka pakatha miyezi itatu kapena inayi, akafika masentimita 30.

Chachinayi: dzenje ndi kuwokera

Boma limatsegulira nyengo yodzala mitengo pa 15 Disembala n'kuitseka pa 15 Epulo. Koma kuno kotentha, amene wadzala m'Malichi wachedwa. Dzalani mvula ikangokhazikika, kumapeto kwa Disembala kapena m'Januwale, kuti mtengo umwe dzinja lonse. Chizimalupsa chisakunamizeni, pambuyo pake pamabwera dzuwa loopsa.

Dzenje likumbeni mvula isanayambe: masentimita 60 m'lifupi, 60 m'litali, 60 kuya. Ndikudziwa kuti ena amangobaya ndi khasu kawiri n'kuikamo mbande, koma mtengo wa pakhomo ndi umodzi kapena iwiri, ndiye thukuta la tsiku limodzilo musaliope. Dothi lapamwamba liikeni mbali ina, lapansi mbali ina. Lapamwambalo sakanizani ndi ndowa imodzi ya manyowa owolerana, pamchenga ndowa ziwiri, mubwezere m'dzenje loyamba, lapansi lija libwere pamwamba. Pamakande musasiye chibeseni chosunga madzi, kwezani kachulu pang'ono n'kudzala pamwamba pake.

Wokerani madzulo kapena tsiku la mitambo. Ng'ambani chubu ndi lumo osagumula dothi, ndipo pulasitikiyo muichotse yonse, isakwiriridwe. Mbande ilowe kufika pamene dothi la m'chubu linalekezera, osapitirira, chifukwa mukakwirira tsinde limawola. Tsenderani ndi manja mozungulira, thirani ndowa imodzi ya madzi ngakhale kukugwa mvula. Ngati mukudzala mzere, monga pasukulu kapena m'malire, nimu atalikirane mamita 6 mpaka 8, misikidzi mamita 10.

Chachisanu: zaka ziwiri zoyamba

Mitengo yambiri imene timadzala ndi nyimbo ndi zithunzi m'Januwale siona Novembala. Imaphedwa ndi mbuzi, chiswe, moto ndi ludzu.

Mbuzi za ku Salima zikamasulidwa anthu atakolola sizisankha. Musamvere zoti nimu ndi wowawa ndiye sizimudya. Msipu ukatha zimamudya, ndipo msikidzi zimachita kuukonda. Tchingani tsiku lomwe mwadzala, osati mawa. Zikhomo zinayi ndi bango kapena nthambi za minga n'zokwana, kapena njerwa zosanja mosiya mipata kuti mphepo izidutsa. Mpandawo utalike kufika m'chifuwa, ukhalepo mpaka nsonga ya mtengo itapitirira pamene mbuzi ingafike itaimirira ndi miyendo iwiri.

Chiswe chimagwira kwambiri mtengo umene wafooka ndi ludzu. Nimu wamkulu sichimuvutitsa kwenikweni, koma mbande iliyonse ili pangozi. Phimbirani pansi ndi udzu kapena masamba kuti chinyontho chisathawe, koma musiye mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde kuti zophimbirazo zisalikhudze. Wazani phulusa la pamoto mumpatamo, ndipo muzibwereza mvula ikalikokolola.

Madzi a m'chilimwe ndi pamene mitengo iwiriyi imasiyanirana ntchito. Nimu chaka choyamba ndowa imodzi pa sabata kuyambira Ogasiti mpaka mvula imukwanira, chaka chachiwiri mungathe kumusiya. Msikidzi umafuna ndowa ziwiri kapena zitatu pa sabata m'miyezi yotentha, zaka ziwiri. Thirani ambiri nthawi imodzi kuti alowe pansi mizu iwatsatire, kusiyana ndi kuwaza pang'ono tsiku lililonse. Pamchenga ndimakwirira mtsuko wakale wong'aluka pambali pa mbande n'kumadzazamo madzi, pakamwa n'kuvindikira. Botolo la malita asanu loboola timabowo pansi limachitanso chimodzimodzi. Madzi otsukira mbale ndi osamba ndi abwino, bola asakhale a mankhwala ochapira amphamvu.

Lambulani udzu mita imodzi kuzungulira mtengo usanafike mwezi wa Julayi, chifukwa moto wa osaka mbewa sudziwa kuti apa pali mbande. Mwera ukayamba kuwomba, zikani kamtengo kowongoka pambali n'kumangirira mbande ndi kansalu momasuka, osati ndi waya.

Kutengulira kuli ndi nzeru yake. Mtengo wa mthunzi umafuna thunthu limodzi lowongoka kufika mamita awiri ndi theka, kuti munthu azidutsa pansi osawerama. Nimu amakonda kuchita mphanda ali wamng'ono, ndiye siyani nsonga imodzi yamphamvu, zinazo dulani. Nthambi zam'munsi muzichotsa pang'onopang'ono chaka ndi chaka ndi mpeni wakuthwa kapena sowo, osasadzula ndi manja, ndipo musachotse zopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a masamba nthawi imodzi. Ndimamva chisoni ndikaona mtengo wa chaka chimodzi atausadza n'kuusiyira kanyenje kumsonga poganiza kuti utalika msanga. Masambawo ndi amene amaudyetsa.

Zina zimene mudzapezemo

Nimu amayamba kubereka ali ndi zaka zitatu mpaka zisanu. Masamba ake ouma anthu amaika m'matumba a chimanga ndi nyemba pofuna kuchepetsa anankafumbwe, ndipo njere zake zosinja, zoviika m'madzi usiku wonse n'kusefa, zimathandiza kuthamangitsa nsabwe ndi mbozi m'dimba mukapopera madzulo. Mukamudula amaphukiranso, ndiye nkhuni ndi milimo sizisowa. Choipa chake n'chakuti mbalame ndi mileme zimamwaza njere paliponse, ndipo mukalekerera timbande timadzaza mpanda ndi m'mbali mwa dimba. Zulani tidakali tating'ono.

Pano ndinene mosabisa za mankhwala. Ambiri timamwa madzi a masamba a nimu tikamva m'thupi, koma malungo kuno kunyanja amapha, makamaka ana. Mwana akatentha thupi, thamangani naye kuchipatala akamuyeze. Mafuta a njere za nimu ndi oopsa kwa makanda, ndipo amayi oyembekezera asamwe nimu.

Msikidzi umachedwerapo kubereka, zaka zisanu ndi chimodzi kapena kupitirira. Maluwa ake amanunkhira madzulo ndipo njuchi zimawakonda. Njere zake zili ndi mafuta amene anzathu a ku Mozambique amawatcha mafura, amapangira sopo ndi mafuta odzola. Thabwa lake ndi lofewa bwino kwa osema, n'chifukwa china chimene misikidzi ikuluikulu ikusowera m'mitsinje yathu.

Pakhomo panga ndinachita motere: nimu awiri kumalire a kumadzulo, kumene nthaka ndi youma ndipo dzuwa limalasa, msikidzi umodzi kuseri kumene kumathera madzi a kubafa. Nimu anayamba kupereka mthunzi wokhalapo munthu chaka chachitatu, msikidzi unatsatira pambuyo, koma lero mphasa timayala pansi pa msikidziwo. Mbande za nimu simungazisowe kwa ogulitsa mitengo m'mbali mwa msewu. Za msikidzi zimavutirapo, ndiye funsani alangizi a za nkhalango a m'dera lanu, kapena pezani mtengo waukulu pafupi nanu panopa, mupemphe kwa mwini wake, muziuyendera mvula ikayamba kuti zipatso zikadzang'ambika machubu anu adzakhale atadzazidwa kale dothi.